Dzina la Asebere Lalowa M'nyimbo ya Nkhondo

Aphungu,

Ndikudziwa kuti nkhani yangayi muiseka, ndiye sekeranitu poyamba pomwepa kuti tikafika pakati mundithandize. Inenso ndinaseka nawo masiku oyamba. Pano mutu waima, chifukwa ukwati wa mwana wanga uli pafupi kutha usanayambe. Mayina ndasintha, ngakhale sindikudziwa kuti ndikubisa chiyani poti mlongo wanga anawaulutsa kale dziko lonse.

Ndine mayi wa ku Mangochi, koma ndakhalitsa kuno ku Durban. Ndimasoka zovala pa Warwick Junction, pakati pa phokoso la matakisi ndi utsi wa azimayi ophika mitu ya ng'ombe. Mwana wanga woyamba, Raihana, wapeza banja. Mnyamata wake ndi Bilali, mwana wa bambo Ayub a ku Pinetown, amene ali ndi malole onyamula katundu wa anthu a geni kuchoka kuno kupita kumudzi. Mnyamatayo ndi waulemu, amagwira ntchito, ndipo akabwera kwathu amavula nsapato popanda kuuzidwa. Tinagwirizana kuti nikah, mwambo womanga ukwati wa Chisilamu, ndi madyerero zichitike mwezi wamawa. Holo tapeza, nsalu ya yunifolomu ndadula kale, ina ndayamba kusoka.

Vuto ndi mlongo wanga Jafali, wondiponda pamutu. Kuno mwamuna wa kwathu ndi iye yekha, ndiye malume ake a Raihana ndi iyeyo, nkhoswe ndi iyeyonso. Mkati mwa sabata amaika matailosi m'nyumba za ku Westville, Loweruka amanyamula gitala n'kumakaimba m'maukwati ndi m'maphwando a Amalawi. Mawu ali nawo, pamenepo sindingamunamizire. Chimene alibe ndi mabuleki.

Inu mukudziwa khalidwe la oimba athu, kuti nyimbo ikamatha amayamba kupereka moni kwa anthu powatchula mayina. Jafali ndiye anachita kunyanya. Ukangomubwereka chaja ya foni, dziwa kuti walowa m'nyimbo. Ometa tsitsi, oyendetsa matakisi, mayi wina amene anamupatsapo tiyi waulere, onse ali m'nyimbo zake, ndipo kuno anthu amazikonda zimenezo koopsa. Munthu amene tsiku lonse amabisa Chichewa kuopa kulozedwa chala, akamva dzina lake likutuluka mu sipika amadziona kuti nayenso alipo.

Tsono tsiku limene akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta, titamaliza zokambirana tikumwa tiyi, bambo Ayub anatembenukira kwa Jafali. "Ankhoswe, ndili nanu chifukwa," anatero. "Nyimbo zanu zimalira m'malole mwanga kuyambira ku Pinetown mpaka pa Mwanza. Mumatchula ometa, mumatchula ogulitsa matumbo, koma ine wonyamula mafiriji a Durban yonse simunanditchulepo. Ndinakulakwirani chiyani?" Tonse tinaseka. Jafali anagwira pamtima n'kunena kuti, "Sharp, asebere, nyimbo ikubwerayi ndi yanu."

Chimene bambo Ayub sanafunse n'chakuti nyimbo ikubwerayo inali yotani.

Tili ndi msuweni wathu, Amisi, msilikali. Anakulira limodzi ndi Jafali, ankagona mphasa imodzi, ankasewera mpira timu imodzi. Amisi anatumizidwa kunkhondo ya m'dziko la eni, nkhondo imene ngakhale iye mwini sangakufotokozereni kuti inayamba bwanji, ndipo anabwerako ndi mwendo umodzi. Tsiku lina anatiimbira foni ya kanema, akuseka, n'kutifunsa ngati ku Durban kuli sitolo yogulitsa nsapato imodziimodzi. Ife tinaseka naye kuti asaone misozi. Jafali sanaseke. Anatuluka panja, ndipo sabata imeneyo anakadzitsekera kwa mnzake Gomez, amene ali ndi situdiyo m'chipinda chake chogona, ija yoti woimba amaima mu wadirobu atazunguliridwa ndi matiresi.

Nyimboyo inatuluka, Aphungu, ndipo ndi yokoma mochititsa mantha. Kolasi yake imati:

Amene anayambana avala masuti,
amene akufa avala majombo.
Bwana, nkhondo mukaifuna,
tsogozani mwana wanu.

Ndime zina zimanena za atsogoleri amene amakumbatirana m'mahotela anyamata akukwiriridwa kutchire, za amene ali pampando akudya ndi manja awiri, ndi za amene anachotsedwa pampando koma akunyambitabe milomo. Sanatchule dzina la mtsogoleri aliyense, kapena la dziko. Mayina anawasungira kumapeto. Ng'oma zikuzirala, mumamva Jafali akufuula mokondwa ngati ali pa chinkhoswe: "Moni kwa achemwali anga, telala wa pa Warwick, pafupi ndi mlatho! Moni kwa big man, bambo Ayub a ku Pinetown, Durban mpaka Mangochi, amene anaitanitsa nyimbo imeneyi!"

Amene anaitanitsa nyimbo imeneyi. Mawu amenewo ndi amene akutiphera ukwati.

Choseketsa n'chakuti amene anaifalitsa kwambiri ndi bambo Ayub omwewo. Madalaivala awo akuti bwana ankangoithamangitsa nyimboyo mpaka kumapeto, kumva dzina lawo, kumwetulira, n'kubwezanso pomwepo. Ndime zapakatizo sanazimvepo. Anaitumiza m'magulu onse a pa WhatsApp amene alimo, la Amalawi a ku Durban, la anthu a geni, la kumudzi kwawo, ndi mawu akuti "mverani mpaka kumapeto". Anthu anamveradi, koma iwo anayambira koyambirira.

Moto unabuka. A chipani cholamula akuti Jafali watukwana mtsogoleri wawo. A chipani chotsutsa, amene ndinkaganiza kuti amuombera m'manja, akuti zonyambita milomo zija akunena wawo. Ena akuti wanyoza asilikali, pamene nyimbo yonse ndi yolirira msilikali. Ena akuti woimba aziimba zachikondi, zandale azisiyire eni ake. Enanso, ndipo awa ndimawamvetsa, akuti tili m'dziko la eni, tikhale phee, tisadzionetsere. Wina anatenga chithunzi cha Jafali n'kuikapo mutu wa mbuzi, ndipo kunena zoona unamukhala. Eni maukwati amene anamuitana kuti akaimbe amuuza kuti asavutike kubwera. Akuluakulu a gulu lathu la Amalawi alengeza kuti pa chikondwerero cha gululi chikubwerachi aitana DJ.

Poyamba Jafali zinkamukomera. Ankandionetsa foni kuti ndione kuchuluka kwa anthu amene aimvera nyimboyo, ngati kuti manambalawo tidyera nsima. Koma ndikumuona akufota. Loweruka lapitali anavala malaya ake oimbira, n'kukumbukira kuti palibe kopita, anangokhala pakhonde la fulati n'kumaimbira nkhunda. Omuyamikira alipo ambiri, koma amatero kuseri: "Achimwene, mwanena zoona, koma chonde ine musadzanditchule." Pagulu onse ali zii.

Ineyo zanga zinayenda mosiyana. Zaka zonsezi pamsika ndimalankhula Chizulu changa chothyokathyoka, kuganiza kuti ndabisala. Nyimbo itafika pamsika ndinapita kuntchito mtima uli m'mwamba. Mayi wophika mitu ya ng'ombe amene tinayandikana naye anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. "Hawu, sisi, kade sazi!" Akuti anadziwa kalekale kuti ndine Mmalawi, tsiku loyamba lomwe nditangotsegula pakamwa. Anandipempha kuti ndimumasulire kolasi ija, ndipo pano amaiimba akuwaza mitu yake. Koma si onse akuseka. Munthu wina wosadziwika anamulembera Jafali kuti, "Tikudziwa pamene achemwali ako amasokera." Zimenezo sindinaziseke.

Bambo Ayub ndiwo apsa kwenikweni. Makasitomala awo akuluakulu ndi akazi a mabwana achipani kumudzi, aja amaoda masofa ndi makatani kuno. Awauza kuti katundu wawo sakweranso lole ya munthu wolipira oimba kuti azitukwana boma. Sabata yatha anabwera okha pamakina anga, thukuta lili kamukamu, osalandira ngakhale mpando. "Mayi," anatero, "nkhoswe yoika dzina langa pamoto sindikhala nayo pamkeka umodzi. Achotse nyimboyo, apepese pagulu, anene kuti anasokonezeka mutu. Akakana, mupeze nkhoswe ina. Zonsezi zikakanika, holo ija mukavinemo nokha."

Ndinamuitana Jafali. Ndinayamba mwaulemu, ndinamaliza ndikukalipa. Iye anangokhala n'kumakanda gitala lake. "Achemwali, eish, munthu anapempha yekha pamaso panu," anatero. "Ndiye ndipepese kwa ndani? Ndikamuuze Amisi kuti mwendo uja ndinaunamizira?" Pamenepo ndinangomuuza kuti achotse mapazi patebulo langa.

Bambo a Raihana musawawerengere. Ndikawafunsa amati, "Za mbumba ndi za kwanu, ine ndine mkamwini," maso ali pa mpira. Raihana akungolira, waonda moti diresi limene ndinamuyeza ndiyenera kulibwezanso. Bilali amamukonda, koma bambo ake akatsokomola iye amaimirira.

Anzanga a pamsika andiuza njira yachidule. Kuno kuli bambo wina, a Malizani, amene amaimira unkhoswe aliyense amene alibe m'bale. Ali ndi suti yabwino, amadziwa mawu onse oyenera, ndipo sanaimbepo nyimbo chibadwire. Akuti ndingowatenga iwowo, ukwati udutse, Jafali akhale kumbuyo ngati mlendo kapena asabwere kumene.

Aphungu, ndikuuzeni zoona. Nyimboyo ndimaikonda. Ndimaimvera pa mahedifoni ndikusoka, ndipo ikafika pa "tsogozani mwana wanu" ndimaimitsa makina chifukwa ulusi sindiuonanso. Ndimamunyadira mlongo wanga, komanso ndimafuna kumukhoma ndi simbi. Koma mwana wanga sanaimbe nyimbo, sanayambitse nkhondo, akungofuna kukwatiwa. Ndimukakamize Jafali kuti achotse nyimboyo n'kupepesa? Nditenge a Malizani? Kapena ndiwasiye asebere apite ndi malole awo, mwana wanga andide moyo wonse? Ndithandizeni msanga.

H. M., Durban

Mayi H. M.,

Ndasekadi, ndipo amene wandiseketsa kwambiri si mlongo wanu, ndi asebere anuwo. Munthu wamkulu, wa malole, kutumiza nyimbo kumagulu onse asanaimve! Koma tisawaseke okha. Ambiri mwa amene akutukwana Jafali pa WhatsApp nawonso sanaimve yonse. Anamva kuti anzawo akwiya, nawo n'kukwiya kuti asatsalire.

Nkhani zanu mwazisokera pamodzi, ndiye tiyeni timasule ulusi. Nyimbo ndi nkhani ina, dzina la bambo Ayub ndi nkhani ina, unkhoswe ndi nkhani inanso.

Pa nyimbo, Jafali sanalakwe. Munthu amene m'bale wake wabwera ndi mwendo umodzi ali ndi ufulu wofunsa kuti mwendo winawo unatsalira chiyani. Sanatukwane mayi a munthu, sanauze anthu kuti akaotche nyumba ya wina. Wafunsa funso, ndipo funsolo lapweteka mbali zonse ziwiri, zomwe zikundiuza kuti silinaphonye. Anthu onena kuti woimba aziimba zachikondi zokha ndi omwewo amene amamukweza woimba pa lole nthawi ya kampeni kuti aziimba zotamanda. Zandale zimawanyansa pokhapokha zikaleka kuwakomera. Choncho musamukakamize kunena kuti anasokonezeka mutu. Akanena bodza limenelo, omutukwanawo sadzamukhululukira, omukonda adzamutaya, ndipo inu mudzatsala ndi mlongo amene sakuyang'anani m'maso.

Komanso mumuuze kuti asalire ndi maukwati amene amubweza. Iye ali ndi ufulu woimba, eni ukwati ali ndi ufulu woitana amene akumufuna. Woimba amene walasa akuluakulu asayembekezere kuti onse amuveka nkhata ya maluwa. Mutu wa mbuzi uja aulandire, aseke nawo. Aja omuyamikira kuseri asawadalire, komanso asawade. Ali ndi lendi ndi ana, ndipo mantha awo m'dziko la eni si opeka. Matailosi asawasiye. Mkwiyo wa pa foni sukhalitsa. Pakangochitika kena kake, kaya timu yagonja, kaya shuga wakwera mtengo, gulu lonse lisamukira kumeneko, ndipo DJ akadzawatopetsa adzamufunanso.

Pamene analakwa, ndipo analakwa kwambiri, ndi pa mayina. Moni wa m'nyimbo ndi mphatso nyimbo ikakhala yovina. Ikakhala yolasa, wotchulidwayo amaoneka ngati waima nawe pamzere umodzi, pamene sanafunsidwe. N'zoona bambo Ayub anapempha okha, koma anapempha kuti atchulidwe, sanapemphe kuti alowe usilikali wa Jafali. Mawu akuti "anaitanitsa" aja ndi bodza, ngakhale linanenedwa mwachikondi. Kulimba mtima n'kwabwino, koma azilimba mtima ndi dzina lake, osati ndi dzina la mnzake ndi malole omwe. Inunso anakuikani pambalambanda, mpaka kulozera anthu mlatho. Pa zimenezi apepese, ndipo apepese gitala atalisiya kunyumba.

Tsono chitani izi. Musayankhe kalikonse pagulu la WhatsApp, inu kapena iye. Kumeneko kulibe amene akufuna kumva, aliyense akungodikira kuti alembe zake. Jafali abwerere mu wadirobu ya Gomez akadule moni yense wa kumapeto uja, n'kuika nyimbo yodulidwayo pamalo pa yoyamba. Ndikudziwa kuti yakaleyo ili kale m'mafoni a anthu ndipo siibwerera, koma asebere anu aone kuti munthu wachitapo kanthu. Kenako ajambule mawu ochepa, ndi pakamwa pake, onena kuti nyimboyo anaipeka yekha chifukwa cha m'bale wake, kuti bambo Ayub sanaiitanitse, sanalipire, ndipo sanaimve isanatuluke. Asawonjezere zoti ngakhale itatuluka sanaimvebe. Mawu amenewo awapatse bambo Ayub eni ake, kuti atumize okha kwa azimayi a masofa aja. Taona kale kuti kutumiza amatha.

Akatero, apite ku Pinetown, kunyumba osati kumalole, atatsagana ndi munthu wamkulu amene bambo Ayub amamupatsa ulemu, kaya ndi shehe amene adzamangitse ukwatiwo, kaya ndi wachikulire wa kwawo. Inu musatsogole. Mumakwiya msanga, ndakuonani m'kalata mwanu. Jafali akanene mwachidule kuti dzina lanu ndinalakwitsa, koma nyimbo sindichotsa. Asakayambe kuphunzitsa za nkhondo pakhomo pa eni. Ndipo akalonjeze kuti pa ukwatiwo nyimbo imeneyi siimbidwa, ngakhale anthu ataipempha mogwada. Tsikulo ndi la Raihana, si msonkhano. Kunena zoona, nkhoswe siyenera n'komwe kugwira maikolofoni tsiku limenelo. Ntchito yake ndi kukhala pansi mwaulemu, kulandira alendo ndi kumva madandaulo a amene sanalandire nyama.

Muwamvetse bambo Ayub. Sakudana ndi Raihana, ndipo sindikukhulupirira kuti nyimboyo akudana nayo. Ali ndi mantha a bizinesi, ndipo pamwamba pa manthawo pali manyazi, chifukwa Durban yonse ikudziwa amene analemba kuti "mverani mpaka kumapeto". Munthu wogwidwa manyazi amakalipa kuposa munthu wolakwiridwa. Musawakumbutse kuti anapempha okha, akudziwa. Apatseni njira yotulukira atanyamula ulemu wawo, kuti akathe kuuza anzawo kuti ankhoswe anabwera kudzapepesa, ine ndinakhululuka. Zimenezo inu sizikudyerani kanthu.

Bilali nayenso atsegule pakamwa. Raihana amufunse mwachifatse ngati angathe kuuza bambo ake kuti ukwatiwu akuufuna, nyimbo kaya ilipo kaya palibe. Sindikunena kuti achite mwano. Koma mnyamata amene akufuna kumanga nyumba yake ayenera kudziwa kunena kuti "bambo, apa ayi" mwaulemu. Akalephera pa nkhani ya nyimbo, mudzaonanso zomwezo pa nkhani ya ana ndi ya komwe azikakhala. Kuvula nsapato pakhomo n'kwabwino, koma sikokwanira. Bambo a Raihana nawonso muwazimitsire TV kamodzi. Kukhala mkamwini sikuwaletsa kuimbira foni bambo mnzawo n'kumupatsa moni.

Uthenga uja wa "tikudziwa pamene amasokera" musautenge ngati nthabwala. Mwina ndi mnyamata wotopa ndi ulova amene ali kutali, ali ndi bandulo yaulere, mwinanso ayi. Ujambuleni, musunge nambala, mukanene kupolisi, ndipo Jafali asauyankhe. Auzeni anzanu oyandikana nawo pamsika, makamaka mayi wa mitu ya ng'ombe uja. Munthu wogwira nkhwangwa tsiku lonse ndi wabwino kukhala naye pafupi. Kwa kanthawi muziweruka limodzi ndi anzanu, dzuwa lisanalowe. Kusagwirizana ndi nyimbo ndi ufulu wa munthu, koma kuopseza mayi pa makina ake ndi mlandu.

Chinanso, muimbireni Amisi. M'kalata yanu aliyense walankhula, achipani, madalaivala, ngakhale wojambula mbuzi, koma mwini mwendo sanafunsidwe. Mwina nyimboyo imamutonthoza. Mwinanso ikumuika pamavuto, kapena watopa kukhala kolasi ya anthu. Ngati pali munthu mmodzi padziko amene angauze Jafali kuti nyimbo ichoke, ndi iyeyo, osati bambo Ayub, osati inu, osatinso ine.

Za a Malizani ndasungira kumapeto chifukwa ngozi yeniyeni ili pamenepo. Bambowo ndilibe nawo chifukwa, amathandiza ana amene alibiretu m'bale kumeneko. Koma Raihana m'bale ali naye. Mukalola kuti akuchimuna akusankhireni nkhoswe lero, mwawaphunzitsa kuti mbali yanu imasuntha akangokweza mawu, ndipo phunziro limenelo sadzaliiwala. Mwana wanu adzalowa m'banjamo ngati munthu amene kwawo anagonja ukwati usanayambe. Ngati bambo Ayub atakana zonse, chipepeso cha dzina, mawu a shehe, ndi pempho la mwana wawo yemwe, ndiye tsiku lisunthe, holo idikire. Raihana adzalira, inde, koma misozi imeneyo ndi yopepuka poyerekeza ndi inayo.

Chenjerani, mayi. Nkhoswe si ya tsiku la madyerero. Ndi ya tsiku limene banja lidzagwedezeke, Raihana atakhalira sutikesi, mbali inayo itadzaza pabalaza ndi mawu ake akuluakulu. Tsiku limenelo a Malizani adzakhala ali ku ukwati wina, foni itazimitsidwa. Mwana wanu adzafuna munthu amene saopa kumuuza wamkulu m'maso kuti walakwa. Munthu wotero mwa abale anu alipo mmodzi, ndipo dziko lonse lamumva. Musamuchotse pamkeka.

Aphungu